M'mera Mpoyamba: Za Chiyambi cha Ana Athu pa Sukulu

Mawu amene analankhula mmodzi wa mamembala, wogwira ntchito ya ukalaliki mu mzinda wa Mzuzu, pa Msonkhano wa Pachaka wa Bungwe.

 Ine sindine mphunzitsi ayi. Ntchito yanga ndi ya mapepala mu ofesi. Koma ndine kholo monga inu, ndipo funso limene Komiti inanditumira ndi ili: kodi mwana wamng'ono amene alowa Sitandade 1 mu mzinda uno asowa chiyani kuti chiyambi chake chikhale chokwanira?

Yankho langa ndi lalifupi, ndipo mawu ena onse angokhala olimasulira. Mwana sapita ku sukulu ndi mutu wokha. Apita ndi mimba, ndi maso, ndi manja, ndi lilime, ndi mtima. Ndipo chimodzi mwa izi chikasiyidwa, mutu womwewo sugwira kanthu.

Teremu ikatha, mwana nabwera ndi chikalata cha zotsatira za mayeso, makolo ambiri afunsa mafunso awiri okha. Loyamba: wakhala nambala chiyani? Lachiwiri: talankhula Chingerezi timve. Akakhala nambala 1 amgulira nsapato; akakhala nambala 70 amlalatira, kapena amsamutsira ku sukulu ina. Koma ndi angati amene afunsa ngati mwanayo aona bwino zolembedwa pa bolodi, ngati anadya asanapite, ngati ali ndi mnzake wosewera naye, ngati amkonda mphunzitsi wake kapena angomuopa? Mafunso amenewa ndiwo a m'mera, ndipo akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Zimene anapempha otitsogolera

Nkhani imeneyi si yachilendo m'chigawo chino cha Kumpoto. Pamene Dr. Robert Laws anasamutsira Mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, natsegula sukulu ya Overtoun, ophunzira sanangopatsidwa kuwerenga ndi masamu ayi. Anaphunziranso ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku, ulimi ndi uphunzitsi. Inde, amenewo anali ophunzira aakulu, koma nzeru yake inali yakuti mutu ndi manja zikulire pamodzi.

Mabungwe onga lathuli nawonso sanayambe dzulo. Loyamba m'dziko muno linabadwira ku Karonga mu 1912, dzina lake North Nyasa Native Association, ndipo mlembi wake anali Bambo Levi Mumba, amene mu 1944 anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress. Linatsatira la West Nyasa mu 1914, ndi la Mombera mu 1920. Amuna amenewo, ambiri a iwo aphunzitsi, makalaliki ndi abusa, analembera Boma la Atsamunda kawirikawiri kupempha kuti lichitepo kanthu pa maphunziro, pakuti masiku amenewo sukulu zinali m'manja mwa mamishoni. Mu 1924 kunabwera nthumwi za Phelps-Stokes, pamodzi ndi Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, ndipo zinalangiza kuti sukulu zisamale za makhalidwe, umoyo, ulimi, moyo wa pabanja ndi masewera. Dipatimenti ya Maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926.

Ophunzira ena a nthawi imeneyo anawakayikira malangizowa, poganiza kuti Azungu afuna kuti munthu wakuda athere pa khasu ndi nyundo. Kukayika kwawo kunali ndi chifukwa, pakuti sukulu ya sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ndipo ya Boma ya kuno ku Mzuzu mu 1959. Chotero musandimve ngati ndinena kuti buku lichepe mphamvu. Ndinena kuti buku lokha, kwa mwana wa zaka 6, lili ngati mphika wotereka pa fuwa limodzi.

Mmene zinthu zilili mu mzinda uno

Mzuzu unayamba m'zaka za m'ma 1940 monga malo a minda ya mitengo ya tung; unakwezedwa kukhala mzinda mu 1985; ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu 221,272. Mu 1994 Boma la Dr. Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi ana a sukulu m'dziko lonse anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chimenechi chinali chinthu chachikulu, ndipo ena a ife muno sitikadaponda m'kalasi chikadapanda kuchitika. Koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke ndi liwiro lomwelo. Muyeso umene Boma linadziikira ndi ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi. Koma amene anasuzumirapo m'makalasi oyamba a m'madera odzaza anthu, monga Chibavi, Chiputula, Masasa, Zolozolo ndi Mchengautuba, adziwa kuti kawirikawiri chiwerengero chipitirira pamenepo kutalitali.

Dongosolo la maphunziro limene linakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, niliyamba kugwira ntchito mu 2007, silinaiwale zimene ndikambazi. Pambali pa kuwerenga ndi masamu linaikamo luso la manja, nyimbo, magule ndi masewera olimbitsa thupi. Ndipo teremu yoyamba ya Sitandade 1 linaipatula kuti ikhale yozoloweretsa mwana moyo wa pa sukulu. Pa pepala zonse zilimo. Koma mphunzitsi mmodzi amene ayang'anizana ndi tiana 100 tokhala pansi sangathe kudziwa amene sanadye, amene samva bwino, ndi amene alira chamumtima. Tisamtole chifukwa mphunzitsiyo. Mbali imene iye sangaifikire igwera ife makolo, ndipo ndiigawa m'zigawo zisanu.

Choyamba: msinkhu

Msinkhu wolowera Sitandade 1 ndi zaka 6. Pamenepa pali zolakwa ziwiri. Ena afulumiza mwana wa zaka 4 kapena 5, nanamiza mphunzitsi wamkulu za chaka chake chobadwa, chifukwa pakhomo palibe womsamala masana, kapena chifukwa afuna atsirize msanga. Mwana wotere zala zake zikali zanthete, sangagwire bwino pensulo, ndipo sangakhale chete nthawi yaitali. Abwereza kalasi, ndipo chimene aphunzira choyamba ndi chakuti iye ndi wolephera. Ena achedwetsa mwana mpaka zaka 8 kapena 9 kuti azilera mng'ono wake. Ndipo mtsikana wotere atha msinkhu akali m'makalasi apakati, nachita manyazi, naleka. Kale ankauza mwana kuti apitirize dzanja pamutu agwire khutu la mbali ina. Lero tili ndi chiphaso cha kubadwa ndi buku la kusikelo, tizigwiritse ntchito moona. Ana a zaka 3 mpaka 5 malo awo ndi ku sukulu za mkombaphala, kumene aphunzira kuimba, kusewera ndi anzawo ndi kudikira nthawi yawo. Kuthamanga sikufika.

Chachiwiri: thupi

Kafukufuku wa za umoyo amene ofesi ya Boma yowerengera anthu inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi, 37 anali opinimbira chifukwa cha kusowa zakudya zoyenera. Mwana wopinimbira kawirikawiri avutikanso m'kalasi. Bungwe la Mary's Meals linayamba kuphika phala m'sukulu za m'dziko muno mu 2002 ndi ana 200 okha, pozindikira kuti njala ndi buku sizigwirizana. Kumene kuli phala la pa sukulu tithokoze, koma phala limenelo lisatichotsere udindo. Mwana asachoke pakhomo m'mimba muli pululu: kaya phala lothira nsinjiro, kaya mbatata, kaya chinangwa, kaya nthochi, chilichonse chimene Mulungu watipatsa.

Tikumbukirenso kuti kuno si kunyanja. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira kwa Mzuzu, pamodzi ndi mvula yake ya mawawa, kuloŵa mpaka m'mafupa, ndipo mwana wokhala pa simenti wopanda juzi sangamve chimene mphunzitsi anena. Agone m'neti kuopa malungo. Amwe mankhwala a njoka za m'mimba pa nthawi yake. Agone msanga, osati kuchezera pa kanema kapena pa foni ya mayi ake. Ndipo mwana akamatsinzinira poyang'ana patali, akamatuluka mafinya m'khutu, kapena akamayankha pokhapokha mwamuitana katatu, musamutche wopusa kapena wamwano. Pitani naye ku chipatala akamuone maso ndi makutu. Tili ndi chipatala chachikulu cha Mzuzu ndi cha St. John's pafupi pomwepa.

Chachitatu: lilime

Mwana wathu kuno akulira pakati pa zilankhulo zitatu: Chichewa pakhomo, Chitumbuka pabwalo ndi pamsika, Chingerezi m'buku. Ambiri a ife tinakwatira kapena kukwatiwa konkuno, ndipo m'nyumba zina mumveka Chitonga kapena Chinkhonde. Chimenechi ndi chuma, si mtolo ayi.

Malamulo pa nkhaniyi asintha kangapo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi zikhale zilankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mu 1996 Unduna wa Maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aphunzitsidwe m'chilankhulo cha kwawo. Lamulo la Maphunziro la 2013 linati chilankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi. Malamulo asintha, koma mwana sanasinthe: aphunzira kuwerenga msanga m'chilankhulo chimene achimva kale.

Chifukwa chake nchosavuta. Chichewa chilembedwa monga chinenedwa. Mwana akadziwa a, e, i, o, u, nadziwa kuphatikiza ma, me, mi, mo, mu, watsegula chitseko, ndipo awerenga ngakhale mawu amene sanawaonepo. Chitumbuka nachonso chiyenda njira yomweyo. M'Chingerezi lemba limodzi likhala ndi maliwu atatu kapena anayi, ndipo mwana amene sadziwa tanthauzo la mawuwo angoloweza monga chinkhwe. Nchifukwa chake ndondomeko ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, inaika mtima pa maliwu a malembo ndi maphatikizo. Amene wadziwa kuwerenga kamodzi saphunziranso kachiwiri. Luso lomwelo alitengera ku Chingerezi.

Tsono kuletsa mwana chilankhulo cha makolo ake kuti Chingerezi chilowe bwino ndiko kugwetsa makwerero musanakwere. Mlankhuleni mwanayo, muuzeni nthano, mponyereni zilapi, mfunseni chimene waona panjira, ndipo mlekeni ayankhe mpaka atsirize. Asaseke mnzake wolankhula Chichewa chopotoka, pakuti mnzakeyo akumana ndi zilankhulo ziwiri zachilendo tsiku limodzi, ndipo ife ndife alendo m'dziko la makolo ake.

Chachinayi: manja ndi masewera

Masamu ayambira m'manja. Mwana amene wawerenga zitsekerero za mabotolo, timitengo kapena nyemba, naziika m'milu ya khumikhumi, amva chimene chiwerengero chitanthauza asanachilembe. Mtsikana wosewera phada ayesa mtunda ndi diso. Wosewera fulaye awerenga ali mkati mothamanga. Mnyamata wopinda galimoto ya mawaya ayamba umisiri, ndipo wokhala pambali pa agogo ake akusewera bawo aphunzira kuwerengera zam'tsogolo. Kuumba ng'ombe za dothi ndi kujambula pamchenga kulimbitsa zala zomwezo zimene mawa zigwire cholembera.

Ena a ife tikaona mwana abwera ndi fumbi m'miyendo tiyesa kuti tsiku lapita pachabe, ndipo timlipirira maphunziro apadera a masana kuti asapeze mpata wosewera. Mwana wa zaka 6 amene wakhala m'kalasi m'mawa wonse, nakhalanso m'kalasi masana onse, afika potopa nalo buku asanalidziwe kukoma kwake. Mpatseni nthawi yosewera, ndi tintchito toyenera msinkhu wake: kuthirira ndiwo kuseri kwa nyumba, kusesa, kutsuka mbale yake. Tintchito timeneti tikhale ta mnyamata ndi mtsikana mofanana, kuti pasakhale wina wowerenga pamene mlongo wake ali kumadzi.

Chachisanu: mtima

Mwana wamantha saphunzira. Amene amenyedwa chifukwa cholemba lemba chagada aphunzira kubisa kope lake, ndipo amene asekedwa pofunsa aleka kufunsa. Ulemu tiufuna ndithu: kupereka moni, kulandira ndi manja awiri, kunena zoona, kubweza pensulo ya mwini. Koma ulemu ndi mantha ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ana atsanzira zimene aona koposa zimene auzidwa. Kholo limene linyoza mphunzitsi pamaso pa mwana lathyola mlatho umene mwanayo awolokera m'mawa uliwonse. Ndiponso mwana wolumala, wosamva, kapena wachialubino, asabisidwe m'nyumba. Lamulo la 2013 lija linati maphunziro a pulayimale ndi aulere ndi okakamiza kwa mwana aliyense, ndipo silinapatule wina.

Kwa amene atsutsa

Ndidziwa kuti wina anena mumtima mwake: zonsezi nzabwino, koma pa mayeso a Sitandade 8 a MANEB safunsa phada kapena nthano, ndipo malo ku sekondale zabwino ndi ochepa. Ndivomera kuti malo ndi ochepa, ndipo nkhawa imeneyi ndi ya kholo lililonse. Koma mayeso amenewo ali patsogolo zaka 8. Mwana woloweza popanda kumva aoneka wanzeru m'Sitandade 1 ndi 2. Pofika Sitandade 4 kapena 5, pamene mabuku ayamba kulemera ndi mafunso afuna kuganiza, zoloweza zija zimthera. Amene apirira mpaka kumapeto ndi uja wa thupi lolimba, wowerenga momvetsa, wosaopa kufunsa.

Za sukulu zolipira sindinena zoipa. Zilipo zabwino, ndipo zilipo zina zimene kukoma kwake kuli kwa mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanapereke ndalama zanu musakhutire ndi yunifolomu yokongola ndi ndakatulo ya Chingerezi yolakatulidwa pa tsiku lotsekera. Pemphani kuona bwalo losewerera, chimbudzi ndi madzi osamba m'manja. Funsani ngati aphunzitsi anapita ku koleji ya uphunzitsi. Ndipo patsani mwana wa Sitandade 2 kabuku kamene sanakaonepo, mumve ngati awerenga ndi kufotokoza chimene wawerenga.

Zimene ndipempha Bungwe

A Tcheyamani, Bungwe lathu lidziwika ndi kufulumira pa maliro. Mmodzi wa ife akatisiya, dzuwa silinalowe bokosi lapezeka, ndi galimoto yonyamula thupi kupita kwathu. Chimenechi nchaulemu ndipo chisaleke. Koma si bwino kuti tizisonkhana mwachangu poperekeza wotsiriza ulendo, pamene woyamba ulendo apita yekha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chotero ndiika pamaso pa Msonkhano uno mfundo zisanu, kuti muzikambe ndi kuzikonza monga muona:

1. A Mlembi asunge kaundula wa ana onse a mamembala a zaka 3 mpaka 8, ndipo m'mwezi wa Ogasiti Komiti ione kuti aliyense amene wakwanitsa zaka 6 walembedwa ku sukulu chaka cha maphunziro chisanayambe.

2. Gawo lina la zopereka zathu za pamwezi, limene Msonkhano ugwirizane, lipatulidwe kukhala thumba la ana, logulira majuzi, makope, mapensulo ndi magalasi a maso, kuyambira ndi ana amasiye a mamembala amene anatisiya.

3. Tikhale ndi bokosi la timabuku ta ana ta m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, loyenda dera ndi dera. Ndipo amene akhala pafupi ndi tauni alembetse ana awo ku nyumba ya mabuku ya National Library Service.

4. Loweruka limodzi pa mwezi ana asonkhane, ndipo akuluakulu athu opuma pa ntchito awasimbire nthano, awaphunzitse magule a kwathu, kuluka, kuumba ndi kusewera bawo. Ana a anansi athu asabwezedwe.

5. Membala aliyense wokhala ndi mwana m'makalasi oyamba akaonane ndi mphunzitsi kamodzi pa teremu, ndipo asajombe ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Pamenepa ndilankhula makamaka kwa ife abambo, pakuti pa misonkhano yotere mipando idzaza ndi amayi okha. Kumene kuphikidwa phala, tithandize ndi nkhuni ndi manja athu.

Zinthu zimenezi sizifuna chuma chambiri; zifuna kukumbukira ndi kupirira, pakuti zipatso zake sizioneka m'teremu imodzi. Ndipempha kuti chimene Msonkhano ugwirizane chilembedwe m'buku, ndi kuti chaka cha mawa, pambali pa lipoti la chuma ndi la maliro, a Mlembi adzatiwerengerenso lipoti la ana: angati analowa pa msinkhu wake, angati anabwereza, angati awerenga okha. Amuna a ku Karonga aja anapempha sukulu za Boma pamene kunalibe. Ife sukulu tili nazo, ndipo chotsalira ndicho kuona kuti ana athu alowamo ali athunthu.